Dzanja la M'kati mwa Safunsa

Tadala ndi Yamikani, ana anga, inu munakula mukumva anthu akunditchula kuti amake Safunsa, ngati ndinali ndi mwana wachitatu amene sankadya nanu mbale imodzi. Tsopano popeza ndapuma pa ntchito ndipo ndabwerera kuno kwa Mlonyeni, ndati ndilembe mmene zinayendera, chifukwa pakamwa ndimangodumphadumpha, ndikayamba kuseka nkhani imathera panjira. Za ubwana wanga sindinenapo zambiri. Agogo anu aamuna anali telala, ankasoka pakhonde la sitolo ya a Jafali pa boma pa Mchinji, ndipo ine ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pafupi ndi makina awo n'kumatola tizidutswa ta nsalu. Anzanga ankaumba zidole zadothi, zanga zinali zansalu, ndipo zonse zinali ndi pakamwa potseguka. Chidole chopanda pakamwa ndinkachiona ngati sichinathe kusokedwa. Za ubwana ndi zomwezo.

Chaka choyamba pa ntchito, kwa Mlonyeni

Nditamaliza kozi ya uphunzitsi ananditumiza ku sukulu ina ya pulayimale kuno kwa Mlonyeni, n'kundipatsa Sitandade 1. Tsiku loyamba ndinalowa m'kalasi nditavala diresi losita bwino, choko m'manja, mtima uli m'mwamba. Ndinapeza ana ali tho, ena pakhomo, ena akusuzumira pawindo chifukwa m'kati malo anali atatha. Buku la Chichewa linali limodzi, langa lomwelo. Ndinakuwa a, e, i, o, u mpaka mawu anasasa, koma kumbuyo ena ankatsinana, ena ankagona, ena ankalirira amawo. Patatha masabata atatu ndinapita kwa ahedi, a Tembo, munthu wamtali wofatsa amene ankapukuta njinga yake kawiri pa tsiku, n'kuwauza kuti ntchitoyi yandikanika. Iwo anapitiriza kupukuta belu la njinga, kenako anati, "Aphunzitsi, mwana wa Sitandade 1 ali ngati nkhuku. Mukaithamangitsa imathawa. Imwazireni chimanga muone." Ndinatuluka ndikudandaula mumtima kuti ndapempha mabuku, andipatsa mwambi.

Loweruka lake ndikuchapa ndinapeza sokosi ya bambo anu yofiirira, imene inzake inali itadyedwa ndi makoswe. Nthawi imeneyo tinali titangokwatirana kumene. Ndinalowetsa dzanja kuti ndiitembenuze, ndipo ndinangoona chikundiyang'ana chinthu chokhala ngati chikufuna kunena kanthu. Ndinasiya zochapazo pomwepo. Ndinasokerera mabatani awiri a jekete, kansalu kofiira kukhala lilime, ndi tsitsi la khonje. Lolemba ndinalemba chilembo cha a pabolodi, ndinaphimba mkono ndi chitenje, n'kutulutsa kamutu kaja pamwamba pa tebulo. Ndinakafunsa kuti, "Kodi iwe, chimene ndalembachi n'chiyani?" Iko kanayankha ndi mawu a m'mphuno, modzikhulupirira kwabasi, kuti, "Aa, chosavuta! Imeneyo ndi mbuzi yakhala pansi!" Kenako kamtsikana kena kakutsogolo kanaimirira, manja m'chiuno, n'kukuwa kuti, "Bodza! Ndi a!" Kalasi yonse inaphulika. Ana amene sanatsegulepo pakamwa chiyambire anali kudumphadumpha kumuuza mlendoyo kuti walakwa. Ndinalemba e, iye anati ndi nkhono. Ndinalemba o, anati ndi chitumbuwa cholumidwa pakati. Pofika nthawi yoweruka ana onse anali akudziwa zilembo zisanu, ndipo anazidziwa chifukwa chofuna kutsutsa sokosi. A Tembo anali ataima pawindo, misozi ya kuseka ili chuchuchu. Anati, "Uyu ndi Safunsa uja anadya phula." Dzina linabadwa pamenepo.

Ndinaphunzitsa pa sukulu imeneyo zaka zisanu ndi zinayi. Inu nonse awiri munabadwa m'zaka zimenezo. Safunsa analakwitsa samu, analakwitsa mayina a miyezi, anamwapo madzi a pachithaphwi n'kudwala m'mimba pamaso pa kalasi yonse, ndipo sanaphunzirepo kufunsa ngakhale tsiku limodzi.

Chaka chosamukira ku Lilongwe

Wailesi ya kanema itayamba kufala m'dziko muno, kunachitika chionetsero cha masukulu pa boma, ndipo a Tembo ananditumiza ndi ana khumi kuti tikaonetse phunziro. Titamaliza kunabwera munthu wamfupi wovala magalasi akuda, n'kundipatsa moni wachangu ngati akuthamangira basi. Anati dzina lawo ndi a Msiska, ndipo ali ndi kakampani ku Lilongwe kojambula mapulogalamu a ana n'kumakapereka ku wailesi ya kanema. "Mayi, chinthu chanuchi chikhoza kuyankhula mphindi makumi awiri osatopa?" Ndinati vuto lake ndi kuchisiyitsa. Anaseka kamodzi kokha, ndipo ndikuganiza kuti m'chaka chimenecho sindinawamvenso akuseka. Anandipatsa masabata awiri kuti ndiganize.

Kunyumba ndinazungulirazungulira ndisananene. Tadala unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, Yamikani zinayi, fodya ali m'munda. Bambo anu anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Amake Tadala, ku Lilongwe si kumwamba. Lachisanu muzibwera, Lolemba muzipita. Ana ndiwaona, azakhali awo alipo. Pitani. Koma sokosi yanga ija mudzandibwezere." Ndinaseka ndi kulira nthawi imodzi. Ndikudziwa kuti inu munalira kangapo ndikukwera minibasi Lolemba m'mawa, ndipo sindikulemba izi kuti ndidzikhululukire. Ndinkafuna ntchitoyo ndi mtima wanga wonse, ndipo ndinapita.

Ndinkayembekezera kupeza chinyumba cha magalasi. Ndinapeza galaja yakale, makoma atamatidwa mathireyi a mazira kuti mawu asamabwerere, pakati pali tebulo lalitali lokutidwa nsalu. Wojambula anali Yusufu, mnyamata wa ku Salima wandevu zochepa, wodekha ngati madzi a m'mtsuko. Iye ndi amene anandiphunzitsa ntchito. Ndinkagona chagada pamphasa pansi pa tebulo, mkono m'mwamba, maso pa kakanema kakang'ono kamene kanaikidwa pafupi ndi mapazi anga kuti ndizionera zimene chidole chikuchita. Vuto linali lakuti ndikatembenuzira dzanja kumanja, pakanemapo chidole chinkapita kumanzere. Sabata yoyamba Safunsa ankangolankhula ndi khoma. Magetsi ojambulira ankatentha ngati ng'anjo ya njerwa, thukuta likulowa m'makutu, koma ndikunenetsa kuti sindinasangalalepo chotero. Ndinkadzuka tambala asanalire kuyeserera mawu, mpaka mayi amene ndinkachita lendi kwawo anandifunsa ngati ndikubisa mwana m'chipinda.

A Msiska anati sokosi ndi yaing'ono pa kanema, ndipange wina wamkulu. Zipangizo zenizeni kunalibe. Mutu ndinadula siponji ya matiresi akale, khungu ndinagula bulangeti lachikasu pa kaunjika, maso ndinachotsa timipira ta m'mabotolo a mafuta a m'khwapa. Guluu ankasowa, ndiye tinkamata ndi uja womatira machubu a njinga, amene fungo lake linkandizunguza mutu pansi pa tebulo paja. Tsiku lina tili m'kati mojambula chibwano chinagwa, Safunsa anangoti kakasi kukamwa kuli pululu. Yusufu anatuluka panja, anakhwatula sipoko ya njinga yake, n'kuipinda kukhala nsagwada. Sipoko imeneyo inagwira ntchito mpaka tsiku limene ndinapuma. Matepi anali ochepa, moti pulogalamu ikaulutsidwa tinkajambulanso ina pamwamba pake. N'chifukwa chake za zaka zoyambazo palibe chimene ndingakuonetseni. Magetsi akazima tinkakhala panja pamthunzi n'kumalemba nkhani za sabata yotsatira, ndipo nkhani zabwino kwambiri zinabadwira pamenepo.

Lamulo la a Msiska linali limodzi, ndipo anandisainitsa papepala. "A Naphiri, Safunsa ndi wamoyo. Mwana aliyense asadzaone dzanja lanu, asadzamve mawu amenewo akutuluka pakamwa panu. Tsiku limene adzadziwe, pulogalamu yafa." Safunsa ankayenda mu sutikesi yokhoma. Ana a sukulu akabwera kudzacheza, ine ndinkalowa pansi pa tebulo iwo asanafike n'kutuluka atapita. Ndinkagwirizana nalo lamuloli, ndipo ndinkalisunga monyadira.

Loweruka limene pulogalamu yoyamba inaulutsidwa ndinali kuno. Tinakwera njinga ziwiri kupita pa boma, chifukwa kanema amene tinkamudziwa anali pa sitolo ya a Jafali. Anamuika pamwamba pa kauntala, pakati pa sopo ndi shuga, ndipo anthu anadzaza mpaka pamsewu. Safunsa atangotulukira n'kunena kuti nkhuku ili ndi miyendo isanu ukawerengera mlomo, ana onse m'sitolomo anakuwa kuti, "Bodza!" Ndinali nditazolowera kalasi imodzi, tsopano ndinazindikira kuti pa mphindi yomweyo ana a ku Karonga ndi ku Nsanje akukuwa mawu omwewo. Yamikani unatsika pamiyendo panga n'kupita kuseri kwa kauntala kukasuzumira kumbuyo kwa kanemayo. Agogo anu, amene maso anali atayamba kuvuta, anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Atabwerera anapukuta m'maso ndi kansalu n'kunena kuti, "Msoko wa pakhosiwo wakhota." Koma tsiku limenelo anauza aliyense wodutsa pakhondepo kuti wosoka chidolecho anaphunzira pa makina awo.

Zaka za makalata

Pambuyo pake makalata anayamba kubwera, onse olembera Safunsa, palibe yolembera ine. Ana ankamulangiza, ankamukalipira, ena ankamutumizira mtedza mu envelopu. Ena anali a kutsidya kwa malire amene kanema wathu ankawafika. Mmodzi wa ku Chipata analemba m'Chinyanja chakwawo kuti, "Safunsa ndiwe wopusa maningi koma tikukonda." Ndinayenda naye m'masukulu ndi m'zipatala za ana, ndikubisala kuseri kwa nsalu, ndipo kulikonse kunali chikondwerero. Zinayenda choncho zaka zisanu ndi chimodzi.

Chaka cha ulendo wa ku Kachebere

Tsiku lina kunabwera kalata yolembedwa dzina langa lenileni. Inachokera kwa Lameki Zulu, mmodzi wa ana amene ndinawaphunzitsa Sitandade 1 m'chaka changa choyamba. Iye anali atakula, tsopano mphunzitsi pa sukulu ina yaing'ono cha ku Kachebere, kufupi ndi malire. Anapatsidwa ana aang'ono opanda mabuku, ndipo anakumbukira zimene ndinkachita, n'kupanga chidole chake cha sokosi. Poyamba zinayenda bwino. Kenako mwana wina anadwala, thupi kutentha kwambiri, ndipo pobwebweta ananena kuti chidole cha aphunzitsi chikumuitana. Mawu amenewo anayenda mudzi wonse. Anthu anayamba kunena kuti mphunzitsi ali ndi chithumwa cholankhula ndipo akuphunzitsa ana ufiti. Makolo analetsa ana awo kusukulu. Denga la nyumba yake linagendedwa mpaka malata kubooka. Mkazi wake akafika pamjigo amayi ankachotsa ndowa zawo n'kumusiya yekha. Komiti ya sukulu inamupatsa mpaka kutha kwa mwezi kuti achoke. Mawu amene anandibaya anali akumapeto. Analemba kuti, "Amayi, ndawaonetsa kuti ndi sokosi chabe, koma akuti nanga chija cha pa kanema pa boma, chimene chimalankhula chokha popanda munthu? Akuti popeza ndinanena kuti ndinaphunzira kwa inu, ndiye kuti munandigawira mankhwala."

Ndinawerenga kawiri, n'kupita nayo kwa a Msiska. Iwo sanali munthu woipa mtima, musadzawaganizire choncho. Anavula magalasi, anawerenga mofatsa, ndipo anati tipita konko kukajambula pulogalamu, Safunsa akawauze anthuwo kuti mphunzitsi wawo ndi munthu wabwino. Ndinati, "Bwana, chidole chikachitire umboni chidole chinzake? Anthuwo akuopa chifukwa sakuona dzanja. Ndiloleni ndikawaonetse." Anagwedeza mutu. "A Naphiri, anthu asanu ndi awiri akudyera pa chidole chimenechi. Ana dziko lonse amakhulupirira kuti ndi mnzawo. Mukufuna muwalande zimenezo chifukwa cha mudzi umodzi? Munasaina, ndipo mukatero ntchito yanu yatha." Ndinkadziwa kuti zina mwa zimene akunenazo n'zoona.

Lachisanu nditafika kuno ndinapeza bambo anu m'chigafa akusoka fodya. Ndinakhala pansi n'kumawathandiza, uku ndikufotokoza mbali zonse ziwiri, kubwereza ndi kubwereza. Ndinawauza za sukulu yanu, za anzanga a kuntchito, za Lameki ndi mkazi wake amene anali woyembekezera. Iwo anangomvetsera, singano ikuyenda. Pomaliza anati, "Inu mwasankha kale. Mukungofuna wina akuuzeni kuti simunapenge." Ndinafunsa kuti nanga ndapenga kapena ayi. Anati, "Pang'ono. Koma ikatha ntchitoyo, chigafa chino n'chachikulu."

Tinanyamuka Lachiwiri m'mawa pa galimoto ya kampani, ine, a Msiska, Yusufu ndi dalaivala. Titadutsa pa boma tinalowa msewu wafumbi, mapiri a kumalire akuoneka patsogolo. Pa sukulu tinapeza anthu ambiri, koma ataima patali, pansi pa mitengo ya mango, ngati akuonerera moto wolusa. Lameki anabwera kudzandilonjera, ataonda mpaka kolala ya shati ikuzungulira m'khosi. Anandilozera wapampando wa komiti, mayi Sakala, mayi wamkulu thupi, mlimi wodziwika kumeneko, amene anakhala pa benchi patsogolo atapinda manja. Yusufu anamanga nsalu yathu pa nsungwi ziwiri, ndipo ine ndinalowa kuseri ndi sutikesi anthu asanazindikire.

A Msiska anapereka chizindikiro, ndipo ndinakweza mkono. Safunsa anatulukira, anayang'ana uku ndi uku, n'kupereka moni wake wanthawi zonse kuti, "Mwaswera bwanji m'mawa uno?" Kulikonse kumene ndinapitako ana ankakuwa pomwepo kumuuza kuti m'mawa timati mwadzuka bwanji. Apa panalibe anayankha. Mwana wina anayamba kulira, ndipo ndinamva mapazi a anthu akubwerera m'mbuyo. Kenako bambo wina ananena mokweza kuti, "Mwaona? Chabwera chachikulu chake." Ndinasuzumira pa kabowo n'kumuona mkazi wa Lameki ataima yekhayekha kumapeto, dzanja pamimba, atazyolika. Ndinanong'oneza Yusufu, amene anali pafupi ndi nsungwi, kuti, "Usazimitse kamera." Kenako ndinagwira nsalu ndi dzanja lamanzere n'kuikoka yonse.

Inagwa pansi, ndipo ndinaimirira pamaso pa anthu onse, duku litapendekeka, mkono uli m'kati mwa chidole mpaka m'chigongono. Anthu anati haa! Ndinamutembenuza Safunsa kuti andiyang'ane, ndipo ndinalankhula mawu ake milomo yanga ikuoneka bwinobwino: "Aa! Amayi awa achokera kuti?" Ndinamuyankha ndi mawu anga kuti, "Ndakhala ndili pano chibadwire chako." Ndiye ndinamuvula. Ndinatambasula zala zanga zonyowa ndi thukuta kuti onse azione, n'kutembenuza chidolecho kunja kukhala m'kati. Ndinati, "Makolo anga, ine ndine mwana wa telala wa pa boma, ndinakwatiwa kwa Mlonyeni. Iyi ndi siponji ya matiresi. Ili ndi bulangeti la pa kaunjika. Iyi ndi sipoko ya njinga ya mnyamata uyu. Mankhwala amene ndinamugawira Lameki ndi singano ndi ulusi." A Msiska sindinawayang'ane.

Chidolecho ndinachitembenuzanso n'kupita nacho kwa mayi Sakala. Ndinagwada n'kunena kuti, "Mayi, lowetsani dzanja." Anachiyang'ana nthawi yaitali. "Chikandiluma?" Ndinati, "Chikakulumani mundimange pamtengo apo." Anapukuta dzanja pachitenje, anatseka diso limodzi, n'kulowetsa pang'onopang'ono ngati akupisa kuuna. Anatsegula kukamwa kwa chidolecho, anatseka, anatsegulanso. Anadikira. Kenako anandifunsa mokwiya kuti, "Nanga bwanji sichikuyankhula?" Ndinati, "Chifukwa inu simunayankhule." Nkhope yawo inasintha pang'onopang'ono. Ndiye anachitembenuzira kumene kunaima amuna awo, bambo wochepa thupi wovala chipewa, n'kunena ndi kamawu kopyapyala kuti, "A Sakala, mbuzi zija mwamangirira kapena zikudya chimanga cha eni ake?"

Ana anga, phokoso limene linabuka pamenepo sindidzaliiwala. Amayi anagwa pansi ndi kuseka, nthungululu zinamveka, a Sakala anavula chipewa n'kudziphimba nacho kumaso. Anthu amene ankaima patali anathamangira kutsogolo, aliyense akufuna kulowetsa dzanja. Safunsa analankhula ndi mawu a nkhalamba, a atsikana, Chingoni chosweka, Chinyanja cha kutsidya. Lameki anathamangira kunyumba kukatenga sokosi yake, ndipo ndinatulutsa singano ndi mabatani amene ndinkayenda nawo. Bambo uja ananena za chachikulu chake ndinamuona atakhala pa muzu akuvula nsapato, mwana wake akumukoka sokosi. Tinasoka mpaka dzuwa kupendeka. Tisananyamuke mayi Sakala anamuitana Lameki n'kumuuza anthu akumva kuti, "Aphunzitsi, Lolemba ana abwera. Malata aja tikonza ife amene tinaboola." Kenako anapita kwa mkazi wake n'kumugwira padzanja. Mwana wodwala uja, ndinamva pambuyo pake, anali ndi malungo, ndipo anachira atamutengera kuchipatala ku Ludzi. Sindinganame kuti onse anakhutira. Mabanja awiri sanabwezenso ana awo pa sukuluyo. Koma Lameki anakhala, ndipo anaphunzitsa pamenepo zaka zambiri.

Tinakwera galimoto kubwerera ku Lilongwe. Ine chimwemwe chinali chikusefukira, ndinkachita kuluma milomo kuti ndisaimbe. Titafika cha pa Namitete a Msiska ananena osatembenuka kuti, "Mwandinyoza pamaso pa antchito anga." Ndinati, "Ndakulakwirani, bwana, ndipo ndinadziwa kuti ndikukulakwirani." M'mawa mwake ndinapeza kalata patebulo. Sanandichotse, koma anandiimitsa ntchito mwezi wathunthu. Ndinabwera kuno, ndipo inu munasangalala kuti amayi ali pa tchuthi. Sindinakuuzeni zoona. Ndinkasankha fodya ndi bambo anu, mtima uli ku galaja, osadziwa ngati adzandiitananso.

Zimene zinachitika kumeneko anandiuza ndi Yusufu. A Msiska analamula kuti tepi ya ku Kachebere ajambulirepo zina, koma iye anaibisa m'chikwama cha kamera. Mapulogalamu amene tinasungira anatha m'masabata awiri, ndipo munthu amene anamuyesa kuti alowe m'malo mwanga ankalankhula ngati akuwerenga nkhani za maliro. Lachinayi la sabata yachitatu panalibe choti apereke ku wailesi. Yusufu anangoika tepi ija patebulo pawo n'kutuluka. Anaionera okha atatseka chitseko, ndipo Loweruka inaulutsidwa yonse, osadulako ngakhale pamene nsalu inagwa.

Nditabwerera ku ntchito ndinapeza pakona ya galaja pali mulu wa maphukusi. Munali zidole za masokosi, za matumba a shuga, za zikonyo za chimanga, zina zoopsa kuziona, zochokera kwa ana ndi aphunzitsi a m'maboma osiyanasiyana. A Msiska anandipeza ndikuzitsegula n'kunena kuti, "Kuyambira sabata ino, mphindi zisanu zomaliza muzikhala patsogolo pa kamera n'kumawaonetsa kasokedwe. Ndipo mugule duku labwino." Pepani sananene, ndipo ine sindinamuyembekezere, chifukwa nawonso sanalakwitse zonse. Pakati pa maphukusiwo panali kalata ya kamtsikana ka ku Zomba konena kuti kanalira tsiku lonse katadziwa kuti Safunsa si munthu, ndipo sikadzaoneranso. Ndinakayankha kawiri, sikanandiyankhe. Mpaka lero ndimakaganizira.

Ndinagwira ndi a Msiska zaka zina zambiri, tikukangana ndi kugwirizana, mpaka phewa lamanjali linakana kukweza mkono, adokotala n'kundiuza kuti ndasewera mokwanira. Pa tsiku lotsanzikana iwo ndi amene analankhula motalika kuposa onse.

Mapepala anga onse ali mu sutikesi yobiriwira pansi pa bedi. Mukadzaitsegula mudzapeza masatifiketi, zithunzi, ndi kalata imodzi yopindidwa panayi imene simunaionepo, yonena kuti mayi anu anaphwanya dala lamulo la ntchito atachenjezedwa. Musadzaing'ambe, ndipo musadzachite nayo manyazi, mawu onse ali mmenemo ndi oona. Adzukulu anga akadzafunsa ngati n'zoona kuti agogo awo anaimitsidwapo ntchito, mudzawayankhe kuti eya, mwezi wathunthu. Kenako mudzawakhazike pansi, muwafotokozere chifukwa chake.